Mankhwala opha udzu: alimi a nazale za paini asamale

Anthu a m'maboma a Angónia ndi Tsangano, m'chigawo cha Tete, amene amafesa mitengo ya paini akudziwa kuti mdani wamkulu wa nazale ndi udzu. Mbande ya paini imakula pang'onopang'ono ndipo imakhala miyezi ingapo m'chubu isanawokedwe, pamene chisoso, kapinga ndi dawe zimatha kuiphimba pa masabata ochepa chabe. Mbande yolandidwa madzi ndi dzuwa imakhala yonyozoloka, ndipo kawirikawiri imafa ikangowokedwa kumunda mvula itayamba.

Chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito yozulira, ena ayamba kudalira mankhwala a glifosato, omwe anayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1974 ndi dzina loti Roundup. Mankhwalawa amalowera m'masamba ndi kutsikira ku mizu, n'chifukwa chake amagonjetsa kapinga amene khasu limangomudula. Koma sasankha. Chomera chili chonse chobiriwira chimene angachigwere, ngakhale paini yemwe, chimauma. Chizindikiro chimaoneka patapita sabata kapena awiri, mlimi atachedwa kale.

Motero nthawi yoyenera kupopera ndi mbeu zisanafesedwe. Mlimi athirire bedi, adikire udzu umere, apopere, ndipo afese udzuwo utauma. Mankhwalawa akafika m'nthaka amagwidwa ndi dothi, choncho saletsa njere kumera. Paini akangomera, ntchito ya m'machubu ndi ya manja basi, udzu ukadali waung'ono ndi dothi lili lonyowa kuti mizu ya mbande isagwedezeke. M'tinjira ta pakati pa mabedi n'kotheka kupopera, koma m'mawa kopanda mphepo, mbande zitaphimbidwa.

Vuto lina lili pa misika ya m'malire, kumene mankhwala amagulitsidwa m'timabotolo topanda chizindikiro. M'chaka cha 2014 boma la Moçambique linaletsa mankhwala angapo oopsa, kuphatikizapo paraquat, amene munthu akangomwa pang'ono amaonongeka mapapo ndipo alibe mankhwala ochiza. Wogula botolo losalembedwa sadziwa chimene watengera kunyumba.

Popeza nazale zambiri zili m'mbali mwa mitsinje ndi madambo, mpope usatsukidwire kumene anthu amatunga madzi ndi kumene ng'ombe zimamwa. Wopopera avale nsapato, zovala zofika m'mikono ndi m'miyendo, asambe akamaliza, ndipo botolo lotha lisasungidwe mchere kapena mafuta ophikira.