MBALA ZAKUBA MAINA A ODWALA

Tikapita kuchipatala, kalaliki amatifunsa mafunso. Dzina lanu ndani? Munabadwa liti? Mumakhala mudzi wa yani? Kale mayankho athu ankalembedwa m'buku mokha. Masiku ano zipatala zambiri zimasunganso mayankhowo m'kompyuta. Kompyuta imathandiza adokotala kupeza mbiri ya wodwala msanga. Koma kuli mbala zina zimene zimaloŵa m'kompyuta zili kutali, osathyola chitseko, n'kuba mbiri ya anthu.

Zimene zinachitika ku Singapore

Singapore ndi dziko laling'ono la ku Asia. Kumeneko kuli bungwe lotchedwa SingHealth. Bungweli limayendetsa zipatala zambiri za boma. M'chaka cha 2018, kuyambira pa 27 Juni mpaka pa 4 Julayi, mbala zinakopera mbiri ya odwala 1,500,000. Zinatenga maina, manambala a ziphaso, masiku obadwa ndi malo amene anthuwo amakhala. Kwa odwala 160,000 zinatenganso maina a mankhwala amene analandira. Ngakhale nduna yaikulu ya dzikolo pa nthaŵiyo, a Lee Hsien Loong, anaberedwa nawo.

Kodi mbalazi zinaloŵa bwanji? Ofufuza anapeza kuti zinayamba kuloŵa m'makompyutawo m'chaka cha 2017. Zinkayenda mwakachetechete ngati chiswe m'denga. Mau ena achinsinsi otsekulira makompyuta anali osavuta kulota. Ndiponso antchito ena anaona zachilendo, koma anachedwa kuuza akuluakulu. Paja akulu anati pakadafunda padajiwitsa galu. M'chaka cha 2019 SingHealth ndi kampani yoyang'anira makompyuta ake analipira chindapusa cha madola a ku Singapore 1,000,000 onse pamodzi.

Mbala imapindulanji ndi dzina?

Mwina mukuti, "Dzina si mbuzi. Akaliba ndataya chiyani?" Tamverani.

Choyamba, mbala ikhoza kudzisandutsa inu. Kuno ku Malaŵi tinayamba kulandira ziphaso za unzika m'chaka cha 2017. Chiphaso chimafunika polembetsa nambala ya foni, potsekula buku ku banki ndi potenga ngongole. Munthu amene ali ndi dzina lanu ndi nambala ya chiphaso chanu akhoza kuyesa kuchita zimenezi m'dzina lanu. Ndalama adya iye, mlandu ubwera kwa inu.

Chachiŵiri, mbala ikhoza kunamizira kuti ndi ya kuchipatala. Imakuimbirani foni. Imatchula dzina lanu, mudzi wanu, ngakhale mankhwala amene mumamwa. Inu mumangoti, "Ameneyu ndi wa kuchipatala ndithu." Kenaka imati, "Tumizani ndalama za mankhwala," kapena, "Tiuzeni nambala yanu yachinsinsi." Ku Singapore nako, nkhani itamveka, anthu ena analandira mauthenga abodza pa foni onamizira kuti achokera ku SingHealth.

Chachitatu, matenda a munthu ndi chinsinsi chake. Mbala ikhoza kumuopseza kuti iulula matenda ake akapanda kupereka ndalama.

Tingadziteteze bwanji?

1. Musauze munthu aliyense nambala yachinsinsi ya Mpamba, Airtel Money kapena ya ku banki. Adokotala ndi anamwino alibe nayo ntchito.

2. Nambala yachinsinsi isakhale chaka chimene munabadwa. Chaka chimenecho chili pa chiphaso ndi m'buku la kuchipatala.

3. Wina akaimba foni kuti ndi wa kuchipatala ndipo akufuna ndalama, dulani foniyo. Pitani nokha kukafunsa. Safunsa anadya phula.

4. Musabwereke munthu chiphaso chanu kuti akalembetsere nambala yake ya foni. Wina akafuna kuchijambula, funsani chifukwa chake.

5. Sungani buku la kuchipatala pamalo abwino. Mapepala akale a kuchipatala musakulungire mandazi kapena usipa. Atentheni.

6. Chiphaso chikatayika, kaneneni ku polisi tsiku lomwelo. Foni yanu ikangosiya kugwira popanda chifukwa, thamangirani ku ofesi ya kampani ya foniyo. Mwina wina watenga nambala yanu.

Lamulo lilipo

M'chaka cha 2024 dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza mbiri ya munthu. Bungwe la MACRA ndilo limayang'anira lamuloli. Amene amasunga mbiri yathu ayenera kuisamala. Ife tili ndi ufulu wofunsa kuti akuifuniranji.

Tsono nkhaniyi isatiopse kupita kuchipatala. Adokotala auzeni zoona zonse kuti akuthandizeni bwino. Koma mlendo wa pa foni musamuuze kanthu. Kambiranani zimenezi ndi anzanu a m'kalasi, ndipo mukaŵerengere agogo kunyumba.

Mafunso

1. Kodi mbala zinaba chiyani ku SingHealth?
2. Tchulani njira ziŵiri zimene mbala ingapindulire ndi dzina lanu.
3. Mungatani wina ataimba foni kufunsa nambala yanu yachinsinsi?