Basela wa LEGO: tizidole totsatsira malonda tomwe tasunga mbiri ya makampani

Mu 1970, kampani ya ku Britain yopanga chakudya cham'mawa ya Weetabix inakopa ogula ake ndi kanyumba kachifumu ka malinga komangidwa ndi timanjerwa ta pulasitiki ta LEGO. Kanyumbako sikankagulitsidwa m'masitolo a zidole. Ofuna kukhala nako ankakapeza kudzera pa malonda a Weetabix basi, ndipo panapita zaka 8 kuti LEGO itulutse nyumba yake yachifumu yachikasu ya mu 1978, imene okonda zidolezi amaitama mpaka lero. Ana ambiri amene analandira kanyumba ka Weetabix anakamanga, kukaphwasula, n'kusakaniza timanjerwa take ndi tinzake m'katoni ya zidole, pepala la malangizo n'kupita kudzala. Lero ku Ulaya, ku America ndi ku Japan kuli anthu akuluakulu amene amatha zaka akusakasaka tizidole ta mtundu umenewu, timene tinkaperekedwa ngati basela pogula mafuta a galimoto, mkaka kapena maswiti. Ambiri amawaona ngati anthu osowa chochita ndi ndalama. Ine ndikuona kuti osonkhanitsawa, akamagwira bwino ntchito yawo, akusunga mbali ya mbiri ya malonda imene makampani eni ake sanailabadire, ndipo phindu lenileni la kachidole kotere lili m'nkhani ya kumene kanachokera.

Kuti zimenezi zimveke, tiyenera kuona kusiyana kwa tizidole ta basela ndi zidole zina za LEGO. Kampaniyi, imene mmisiri wa matabwa Ole Kirk Christiansen anaiyambitsa m'tauni ya Billund ku Denmark mu 1932, inayamba kupanga njerwa za pulasitiki mu 1949, ndipo mu 1958 inalembetsa mwalamulo kapangidwe ka njerwa zolumana molimba zimene tikuzidziwa lerozi. Chidole chake chanthawi zonse chimakhala m'kabuku ka malonda, chimatumizidwa m'mayiko ambirimbiri, ndipo chimakhala pa shelefu chaka chimodzi, ziwiri kapena kuposa. Kachidole ka basela n'kosiyana. Kankapangidwa pa mgwirizano ndi kampani imodzi, kawirikawiri ka dziko limodzi, kwa milungu kapena miyezi yowerengeka. Malonda akatha, nakonso kankazimirira. Kusowa kwake lero sikunachite kukonzedwa ndi akatswiri a zamalonda, monga zimachitikira masiku ano pamene kampani imalengezeratu kuti yapanga zinthu zochepa dala kuti anthu alimbirane. Kanasowa chifukwa aliyense ankakaona ngati kopanda pake. Chinthu chaulere sichisamalidwa, makamaka chikakhala m'manja mwa mwana wa zaka 6.

Taonani zimene zinalembedwa pa tizidoleti. Ku Denmark kunali kalole ka mkaka ka MD Foods, ku Sweden ka Arla, ku Norway ka Tine. Mu 2000, MD Foods ndi Arla zinaphatikizana n'kukhala Arla Foods, ndipo dzina la MD Foods linachoka pa mapaketi a mkaka, koma likadalipo pambali pa kalole kotalika ngati chikhatho. Makampani a sitima zowolotsa anthu pa nyanja za kumpoto kwa Ulaya, monga Viking Line, Silja Line, Stena Line ndi Color Line, anali ndi tisitima tawo ta LEGO ta apaulendo, ndipo wotiyang'ana motsatana amaona mmene mitundu ndi zizindikiro za makampaniwo zinasinthira. Ku Japan, kampani ya maswiti ya Kabaya ya mumzinda wa Okayama inkagulitsa timabokosi ta LEGO pamodzi ndi switi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000, ndipo mu 2002, pamene Japan ndi South Korea ankachititsa mpikisano wa mpira wa World Cup, Coca-Cola inagawa ku Japan timapaketi ta tiosewera mpira. Ana a ku America ankalandira timanjerwa pogula chakudya ku McDonald's m'zaka za m'ma 1980. Kachidole kalikonse mwa timeneti kamanena kampani imene inali ndi mphamvu pamsika, dziko limene inkagulitsako, ndi njira imene inkaganiza kuti ingafikire nayo thumba la kholo.

Chitsanzo chomveka bwino kwambiri ndi cha Maersk, kampani ya sitima zonyamula katundu imene makontena ake timawaona pa mathiraki ochokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Maersk ndi LEGO onse ndi makampani a ku Denmark, ndipo mu 1974 panatuluka sitima yamakontena ya LEGO ya nambala 1650 yokhala ndi dzina la Maersk Line. Pofuna kuti ifanane ndi sitima zenizeni, LEGO inaumba njerwa za mtundu wapadera wa buluu woyererako, umene osonkhanitsa amangoutcha buluu wa Maersk. Kwa zaka zambiri mtundu umenewu unkapezeka pafupifupi m'zidole za Maersk zokhazokha, motero njerwa imodzi yokha ikatayika, kupeza yolowa m'malo mwake ndi ntchito yaikulu. Chaka cha 1974 nachonso chili ndi tanthauzo. Imeneyo inali nthawi imene kontena inkalanda malo a kanyamulidwe kakale, koika matumba ndi mabokosi m'sitima limodzilimodzi, ndipo Maersk inali itangoyamba kulowa mu bizinesi yatsopanoyi. Kampani imene ikupangitsa chidole cha sitima yamakontena pa nthawi ngati imeneyo ikuuza makasitomala ake kumene yaloza. Patapita zaka 30, mu 2004, LEGO inatulutsa sitima ina yaikulu yolembedwa Maersk Sealand, dzina limene linabwera Maersk itagula Sea-Land ya ku America mu 1999, ndipo linasiyidwa mu 2006. Dzina limene linakhala zaka zochepa chotero lasungika pa sitika ya chidole.

Pali otsutsa, ndipo mfundo yawo yoyamba ndi yolemera. Iwo amati tizidole timeneti ndi nyambo yokolera ana, ndipo wotisunga mwaulemu akulemekeza chinyengo. Nkhani ya Shell ikuwaikira umboni. Chizindikiro cha Shell chinayamba kuoneka pa zidole za LEGO m'zaka za m'ma 1960, ndipo ngakhale LEGO inadzipangira kampani yongopeka ya mafuta yotchedwa Octan mu 1992, tizidole ta basela tinapitirira kuperekedwa pa malo omwetsera mafuta a Shell, kuphatikizapo timagalimoto ta mpikisano ta Ferrari ta mu 2012. Mu 2014 bungwe loteteza chilengedwe la Greenpeace linachita kampeni yodzudzula mgwirizanowu chifukwa cha mapulani a Shell okumba mafuta m'dera lozizira la Arctic. Mkulu wa LEGO wa nthawiyo, Jørgen Vig Knudstorp, anati bungwelo likanayenera kulankhula ndi Shell mwachindunji, komabe mu Okutobala chaka chomwecho analengeza kuti mgwirizanowo ukatha sadzaupitiriza. Sindikana kuti kagalimoto ka Shell kanapangidwa kuti mwana akakamize bambo ake kukhotera pa pampu inayake. Koma ichi n'chifukwa chabwino chokasungira. Aliyense wofuna kufufuza mmene makampani a mafuta, a zakumwa zotsekemera ndi a zakudya zophikaphika ankafikira ana ayenera kuona zinthu zenizenizo, ndi mabokosi ake, ndi mawu amene analembedwapo. Umboni wa khalidwe lokayikitsa ukatayidwa, wopindula ndi amene ankachita khalidwelo.

Mfundo yachiwiri ya otsutsa ndi ya ndalama, ndipo apa ndikugwirizana nawo kwambiri kuposa mmene osonkhanitsa ena angakondere. Akatswiri a zachuma a pa Higher School of Economics ku Moscow, motsogozedwa ndi Victoria Dobrynskaya, anafufuza mitengo ya zidole za LEGO zoposa 2,000 za pakati pa 1987 ndi 2015 ndipo anapeza kuti, pa avereji, mtengo wa zosatsegulidwa unkakwera ndi 11 peresenti pachaka. Nkhaniyi itafalikira m'manyuzipepala, ambiri anaimva ngati malangizo oti agule zidole m'malo mosunga ndalama kubanki. Chimene chinaiwalika n'chakuti avereji imabisa zidole zimene zinatsika mtengo, ndiponso kuti zakale zinakwera chifukwa panalibe amene ankazisunga. Masiku ano kapaketi katsopano ka basela kakangotuluka, anthu ochuluka amakatsekera m'kabati kosatsegula, aliyense akuyembekeza kudzalemera nako. Chosungidwa ndi aliyense sichidzasowa. Choipa kwambiri n'chakuti mtima wa phindu umawononga chidziwitso chimene chimapatsa kachidole tanthauzo. Wogula kuti adzagulitse amafunsa za mtengo wokha. Safunsa kuti kanaperekedwa m'tauni iti, m'chaka chiti, pogula chiyani, ndipo kachidoleko kakadutsa m'manja mwa anthu atatu otere, nkhani yake yatayika.

Nanga zoti chidole n'cha mwana, ndipo wamkulu wochitsekera m'galasi akumana ana chimwemwe? Kalole ka mkaka ka zaka zoposa 30 kali ndi tizidutswa timene mwana angapeze m'chidole chatsopano chilichonse, mwina tolimba kuposa takaleto. Mwana sataya kanthu.

Ntchito yeniyeni ya wosonkhanitsa wabwino ndi yotopetsa, ndipo imafanana ndi ya wosunga zakale m'nyumba ya chionetsero. Njerwa zopangidwa chisanafike chaka cha 1963 zinali za pulasitiki ya cellulose acetate, imene imapindika ikakalamba mpaka njerwa kuleka kulumana. Pulasitiki ya ABS imene inalowa m'malo mwake ndi yolimba, koma njerwa zoyera, zotuwa ndi zabuluu zimasanduka zachikasu zikakhala padzuwa. Ena amaziviika m'mankhwala a hydrogen peroxide kuti ziyerenso, ngakhale chikasucho nthawi zambiri chimabwerera. Chovuta kwambiri ndi masitika. Pa tizidole tambiri takale, dzina la kampani silinadindidwe pa njerwa koma linali pa sitika, nthawi zina yomatidwa modutsa njerwa ziwiri kapena zitatu, kotero kuti mwana akangophwasula, sitikayo inkang'ambika. Popanda sitika, kalole ka Tine ndi kalole wamba. N'chifukwa chake kapepala kosalimba kamakhala ndi mtengo woposa pulasitiki yonse, ndipo n'chifukwa chakenso pali anthu osindikiza masitika atsopano ofanana ndi akale. Kumata sitika yatsopano kuti kachidole kaoneke bwino pa shelefu si mlandu. Mlandu umabwera pogulitsa osanena. Pamenepa ndi pamene amasiyanirana wosunga mbiri ndi wamalonda wachinyengo: woyambayo amalemba chimene chili chenicheni ndi chimene anachita kubwezeretsa, ngakhale kulemba koteroko kutsitse mtengo.

Zambiri zimene zikudziwika lero za tizidole ta basela zinasonkhanitsidwa ndi anthu wamba otere. Msika wa pa intaneti wa BrickLink, umene Dan Jezek anauyambitsa mu 2000, uli ndi kaundula wa zidole zikwizikwi, chilichonse ndi nambala yake, chaka chake ndi mndandanda wa tizidutswa take, ndipo amene anamulemba ndi okonda LEGO ongodzipereka, akuwerenga njerwa imodziimodzi ndi kujambula mapepala akale a malangizo. Kufunika kwa ntchitoyi kunaoneka mu 2019, pamene kampani ya LEGO inagula BrickLink. Pamenepa pali chodetsa nkhawa chimene osonkhanitsa sayenera kuchinyalanyaza. Kaundula amene anamangidwa ndi anthu odziimira paokha tsopano ali m'manja mwa kampani imene mbiri yake ikulembedwamo, kuphatikizapo mbali ngati ya Shell imene ingakonde kuti isamakumbukidwe kwambiri. Sindikunena kuti pali chimene chafufutidwa, koma nzeru ndi yakuti aliyense asunge zolemba zake pambali, osadalira malo amodzi.

Zolembazo siziyenera kukhala zapamwamba. Kapepala koikidwa m'bokosi limodzi ndi kachidole, konena dziko limene kanachokera, kampani imene inakapereka, amene anali nako poyamba ngati akudziwika, ndi tizidutswa timene tinasinthidwa, n'kokwanira. Kuponi ya Weetabix, tsamba la nyuzipepala lolengeza za basela wa ku Shell, kapena kajumbo kong'ambika ka Coca-Cola ka mu 2002, zonsezi ziyenera kukhala pamodzi ndi njerwazo, chifukwa ndi zimene zimatayidwa poyamba mwini wake akamwalira ndipo achibale akugawana katundu.