Momwe nkhani za m'maparishi zimafikira pa tsamba lino

Akatekisti angapo akhala akutifunsa kuti nkhani imene atitumizira imayenda bwanji kuti ioneke pa tsamba lino, ndiponso chifukwa chiyani ina imatuluka tsiku lomwelo pamene ina imagona sabata yathunthu. Tiyankha pofotokoza chida chimene timagwiritsa ntchito, popeza posachedwapa ena mwa inu muyamba kulemberamo nokha.

Kale, munthu wofuna kusintha ngakhale liu limodzi pa tsamba la pa intaneti ankayenera kudziwa kalembedwe ka makompyuta kotchedwa HTML. Ifenso tidayamba choncho. Mnyamata wina waluso adatimangira tsamba lokongola, koma atapita ku sukulu ya ukachenjede adapita ndi luso lake pamodzi ndi mau achinsinsi olowera. Kwa miyezi yambiri tsambalo linkalengezabe nthawi ya Misa imene idali itasinthidwa kale, mpaka tidamva za banja lina la alendo limene lidafika pa tchalitchi anthu akutuluka. Mnyamatayo sitimuimba mlandu. Olakwa tidali ife amene tidasenzetsa denga mutu umodzi.

Lero tikugwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa WordPress, imene Matt Mullenweg wa ku America ndi Mike Little wa ku England adaiyambitsa mu 2003. Poyamba idali yothandiza munthu kulemba za tsiku ndi tsiku pa intaneti, zimene amazitcha blog, nkhani yatsopano ikukhala pamwamba, yakale ikutsikira pansi. Anthu sadachedwe kuona kuti chida chotere chikhoza kuyendetsa tsamba lonse la sukulu, la nyuzipepala kapena la dayosizi, ndipo tsopano masamba oposa 40 mwa 100 aliwonse a pa intaneti amayendera WordPress. Pulogalamuyi ndi yaulere. Chimene timalipira chaka ndi chaka ndi dzina la tsamba, komanso malo pa kompyuta yaikulu imene imasunga nkhani zathu usana ndi usiku.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti imasiyanitsa mau ndi maonekedwe. Nkhani, mitu ndi masiku zimasungidwa m'nkhokwe yakeyake, pamene mitundu ndi kayalidwe ka tsamba zili ngati nsalu ya pa guwa: nyengo ya Adventi ikafika timachotsa yobiriwira n'kuyala yapepo, koma guwa likhala lomwelo. Choncho katekisti wodziwa kulemba kalata pa foni kapena pa kompyuta angathe kulemba nkhani popanda kuphunzira HTML, ndipo sangagwetse tsamba mwangozi.

Pali zinthu ziwiri zimene olemba atsopano amazisokoneza kawirikawiri. Mukalowa mu WordPress mupeza mau akuti post ndi page. Post ndi nkhani ya tsiku lake: Ulimbitso umene Ambuye Episkopi apereka Lamulungu, msonkhano wa amayi, maliro a sisitere. Imakhala ndi deti, imaikidwa m'gulu la nkhani zinzake, ndipo zatsopano zikamabwera imatsika mpaka kubisika. Page, imene idawonjezedwa mu 2005, ndi ya zinthu zokhazikika monga mbiri ya parishi, mayina a nthambi zake, nthawi za Misa ndi za kulapa. Siitsika, imadikira pamalo pomwepo kufikira wina ataikonza. Mukalemba nthawi za Misa ngati post, pakatha mwezi mlendo sadzazipeza. Ndipo akazipeza patapita zaka ziwiri, zidzamunamiza. Pachifukwa ichi tikupempha abambo mfumu kuti nthawi ikasintha atidziwitse sabata yomweyo, tikonze page yomwe ija m'malo molemba ina.

Chachiwiri choyenera kuchimvetsa ndi maudindo. Aliyense wolowa amakhala ndi dzina lake ndi mau ake achinsinsi, ndipo mphamvu zawo n'zosiyana. Contributor amalemba nkhani n'kuipereka, koma sangaitulutse kuti anthu aione, ndiponso sangaikemo chithunzi. Author amatulutsa nkhani zake zokha. Editor amawerenga, kukonza ndi kutulutsa za onse. Administrator ndiye wosunga makiyi a nyumba yonse. Akatekisti ndi alembi a m'maparishi ayamba ngati Contributor. Wina asaone ngati tikumuchepetsa. Chimene chatuluka pano anthu amachitenga ngati mau a dayosizi, ndipo dzina la malemu likalakwika, kapena mkangano wa m'mphakati ukalembedwa mbali imodzi, kupepesa kumafika mochedwa, wina atajambula kale nkhaniyo n'kuimwaza pa WhatsApp. Za makiyi, tidaphunzirapo: tsopano ali ndi anthu awiri, ndipo mau achinsinsi adalembedwa n'kutsekeredwa mu ofesi.

Ena amaopa kuti magetsi akathima kapena bandulo ikatha ali pakati polemba, ntchito yonse itayika. WordPress imasunga yokha zimene mukulemba pakapita kanthawi, ndipo kuyambira mu 2008 imasunganso makonzedwe akale a nkhani, moti mkonzi akachotsa ndime molakwitsa angathe kuibweza. Nkhani yotayidwa imakhala masiku 30 m'malo a zinyalala isanafafanizike. Tingathenso kulemba lero n'kuuza pulogalamu tsiku ndi ola loti itulutse. Umu ndi momwe uthenga wa Pasaka umatulukira m'mawa, ife tili pa guwa.

Tsono nkhani imene imagona sabata yathunthu nthawi zambiri imakhala yosowa chimodzi mwa izi: deti la mwambo, dzina la nthambi kumene udachitikira, kapena dzina lonse la wolankhula ndi udindo wake. "Abambo adati" sizitithandiza mu dayosizi ya ansembe ambiri. Zithunzi mutumize padera kwa mkonzi, ziwiri kapena zitatu zooneka bwino, osati makumi anayi. Ife tizichepetsa kuti wowerenga wa kumudzi asathere bandulo pa chithunzi chimodzi. Chithunzi choonetsa nkhope ya mwana kapena ya wodwala sititulutsa pokhapokha mutatitsimikizira kuti makolo kapena mwini wake avomera.