GUMBORO: NTHENDA YOLANDA ANAPIYE CISHANGO

Alimi ambiri akaona anapiye alikufa motsatizana amafulumira kunena kuti ndi citopa. Koma iripo nthenda yina yocedwa Gumboro, imene imakonda anapiye a milungu 3 kufikira 6. Dzinali ndi la mudzi wa Gumboro m'cigawo ca Delaware ku America, kumene dokotala wa ziweto, Albert Cosgrove, anaifotokoza m'caka ca 1962. Mtundu wace waukali koposa unabuka ku Ulaya ca m'ma 1987, ndipo unafalikira kufikira kuno ku Africa.

M'kati mwa mwanapiye, pamwamba pa potulukira zitosi, muli kathumba konga nsawa. M'kathumbamo ndimo mumakulira timaselo ta magazi tomwe timapanga citetezo ca thupi. Kacirombo ka Gumboro kamalowa pakamwa pamodzi ndi madzi kapena cakudya codetsedwa ndi zitosi, nikafika m'kathumbako ndi kuononga timaselo timeneto.

Pakapita masiku 2 kapena 3 anapiye amakhumata, nthenga zitanyankhalala. Amatsekula zoyera zamadzimadzi, ndipo ena amadzijompha kumbuyo. Mwanapiye wakufa akatumbulidwa, kathumba kaja kamapezeka katatupa, pena kuwirikiza kawiri, katakutidwa ndi madzi olenda acikasu. Pa mtundu waukali uja kamadzala magazi ndi kuda bii. Pa mnofu wa nchafu ndi wa cidali pamaoneka madontho a magazi, impso nazo zimatupa ndi kutuwa. Tsiku la 8 likamakwana kathumbako kamakhala katafota, kotero kuti wocedwa kutumbula sapeza kutupa konse.

Imfa zimacuruka msanga ndi kuleka pasanathe mlungu, ndipo apa mpomwe mlimi amanyengeka. Opulumukawo amadya, amayenda, koma cishango cao n'cobooka. Coipa koposa cimagwera anapiye ogwidwa asanakwanitse milungu 3: saonetsa kudwala ai, komabe kathumba kao kamaonongekeratu. Otere amakula mopinimbira, amagwa ndi nthenda iriyonse, ndipo ngakhale katemera wa citopa sagwira bwino nchito mwa iwo. Anthu amadzudzula katemerayo, pamene mlandu ndi wa Gumboro.

Mankhwala ophera kacirombo aka m'thupi kulibe. Makapisozi amene ena amasungunulira nkhuku ndi kutaya ndalama cabe pa nthendayi. Cothandiza ndi katemera wa m'madzi akumwa, ndipo tsiku lopatsira mufunse kwa wogulitsa anapiye kapena kwa alangizi a ziweto, pakuti citetezo cocokera kwa make cimafooketsa katemera woperekedwa msanga. Madziwo asakhale a klorini.

Kaciromboka n'kolimba zedi: kamakhala ndi moyo m'khola miyezi 4 nkhuku zitacotsedwamo. Tentani utuci wakale, tsukani khola ndi zomwera, ndipo anapiye atsopano musawasakanize ndi akuluakulu. Akufawo musawataye kudzala. Tengani awiri kapena atatu ongofa kumene kwa a ofesi ya ziweto ya m'boma lanu kuti akaone kathumbako kasanafote.