Miyezi itatu yoyamba ya kamwana ka galu

M'midzi ya ku Lungwena, makamaka yakumtunda yoyandikana ndi nkhalango ya Namizimu, galu ndi mlonda. Chimanga chikayamba kukhwima amapirikitsa anyani kumunda, ndipo usiku amagona pafupi ndi khola la mbuzi. Koma galu yemweyo akaswa, kawirikawiri amasiyidwa kuti adzionere yekha pansi pa nkhokwe. Tiana tina timafera pomwepo. Totsala timagawidwa kwa anansi tisanaleke kuyamwa, ndipo amene amatinyamula ndi kusewera nato tsiku lonse ndi ana a pakhomo. Apa ndi pomwe nkhani ya ziweto imasanduka nkhani ya umoyo wa anthu.

Galu wamkazi amakhala ndi bere kwa masiku pafupifupi 63, ndipo angathe kuswa kawiri pachaka. Masiku amenewa sasintha, kaya ndi galu wakumudzi kaya ndi beagle, galu wosakira akalulu wochokera ku England amene amagulidwa ndi ndalama zambiri. Chosiyana n'chakuti woweta beagle amawerenga masikuwo, ndipo mwini galu wakumudzi angachitenso chimodzimodzi popanda kutaya tambala. M'masabata atatu omaliza galu amafuna chakudya choonjezera. Phala la madeya lokha silikwanira. Pafunika kusakanizamo usipa kapena utaka wosinja. Minga ikuluikulu ya nsomba ndi yoyenera kuchotsedwa chifukwa imabaya kukhosi.

Malo oswerapo akhale ouma, amthunzi ndi otetezeka ku mphepo ya mwera, poyalidwa chiguduli kapena mphasa yakale. Tiana timabadwa tosaona ndi tosamva, ndipo maso amatseguka pakati pa masiku 10 ndi 14. Kwa masabata awiri kapena atatu sititha kudzifunditsa tokha, choncho kamwana kamene katalikirana ndi mayi wake usiku wa mu June kapena July kangafe ndi chisanu, ngakhale kunyanja kumene anthu amati n'kotentha. Mkaka wa tsiku loyamba ndiwo wofunika koposa, pakuti umanyamula chitetezo cha mayi, ndipo matumbo a kamwana amalandira chitetezocho m'maola 24 oyambirira okha. Kamwana kofooka kamene kakukankhidwa ndi tinzake kaikidwe pabere ndi manja. Mkaka wa ng'ombe sulowa m'malo mwake, umatsegulitsa m'mimba.

Mdani wodziwika kwambiri m'mbali mwa nyanja ndi mphutsi. Ntchentche yake imaikira mazira mumchenga wa pamthunzi pomwe padakodzedwa, ndipo timphutsi tikaswa timaboola khungu n'kukulira m'kati. Kamwana kamodzi kangakhale ndi zotupa zambiri pamimba ndi kumapazi. Ntchentche yomweyo imaikiranso pa zovala zoyanikidwa pansi, n'chifukwa chake ana a anthu nawonso amagwidwa. Kusintha choyala ndi kusesa pamalopo tsiku ndi tsiku kumachepetsa vutoli kuposa mankhwala. Njoka za m'mimba nazo zimalowa mwa tiana tisanabadwe, kudzera mwa mayi. Mimba yotupa pa kamwana koonda ndicho chizindikiro chake. Mankhwala angayambe pa masabata awiri, koma mlingo wake uchokere kwa alangizi a ziweto a ku EPA ya Lungwena, osati kwa ogulitsa pamsika. Mankhwala osambitsira ng'ombe asayandikire tiana konse.

Phala lofewa lingayambe pa masabata atatu kapena anayi, koma kamwana kasachoke kwa mayi wake masabata 8 asanakwane. M'nthawi imeneyi kamaphunzira kwa mayi ndi abale ake kuti kuluma kuli ndi malire. Kochotsedwa msanga kamakula kamantha ndi kolumaluma, ndipo anthu ena amakondwera poganiza kuti apeza galu waukali, pamene apeza chiopsezo kwa ana awo.

Chiopsezo chachikulu ndi chiwewe. Bungwe la World Health Organization limati matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mwa iwo a ku Africa ndi Asia. Pafupifupi onse amawatenga kwa agalu, ndipo anayi mwa anthu khumi alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa chiwewe ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangooneka, wodwala sachira. Kamwana ka galu nako kangakhale ndi chiwewe, ndipo poti bala lake ndi laling'ono, mwana salinena kwa makolo, makolo nawo salilabadira.

Katemera wa galu amaperekedwa pa miyezi itatu, n'kumabwerezedwa chaka ndi chaka. Komabe m'madera momwe chiwewe n'chofala, akatswiri amalangiza kuti pa nthawi ya katemera wa m'midzi tiana tosakwana msinkhuwo tibayidwenso. Chizolowezi chopita ndi agalu akuluakulu okha n'kusiya tiana kunyumba ndicho chimabwezera ntchitoyi m'mbuyo, chifukwa m'midzi agalu ambiri amakhala aang'ono. Matendawa amaleka kufalikira agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa. Zimenezi zidatheka ku Blantyre mu 2015, pamene bungwe la Mission Rabies pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za ziweto adabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 ogwira ntchito. Tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse ndi 28 September, koma mwini galu sayenera kudikira tsikulo kuti akaonane ndi alangizi. Iwo angathandizenso pa za kufula galu kwa amene sakufuna tiana tina.

Munthu akalumidwa kapena kukalidwa, ngakhale ndi kamwana, bala litsukidwe ndi madzi ambiri ndi sopo kwa mphindi 15. Lisapakidwe zitsamba kapena phulusa. Tsiku lomwelo apite kuchipatala cha Lungwena, komwe azaumoyo adzaona ngati akufunika katemera, ndipo ngati n'koyenera adzamutumiza kuchipatala chachikulu cha Mangochi. Galu wolumayo asaphedwe mwaphuma. Amangidwe pamalo poti ana sangafike, alangizi a ziweto adziwitsidwe, ndipo ayang'aniridwe kwa masiku 10.