Dongo, Moto ndi Wophunzira

M'sukulu zathu zambiri phunziro la zaluso limayenda motere: mphunzitsi ajambula mphika pa bolodi, ana atengera, ndipo amene wafanizira bwino ndiye alandira malikisi ochuluka. Njira yotereyi imaphunzitsa kumvera, koma simuthandiza mwana kuzindikira chimene wagwira m'manja. Kuperewera kwake kumaonekera msanga pa ntchito youmba, popeza woumba salamula zonse: dongo lili ndi khalidwe lake, moto nawonso uli ndi lake.

Mphunzitsi wa ku Makokola ali ndi mwayi pa nkhaniyi, chifukwa kuumba ndi luso lakale ndithu m'mphepete mwa nyanja kumeneko. Ku Nkope, panjira ya ku Monkey Bay, katswiri wofukula zakale K. R. Robinson anapeza mapale a miphika imene inaumbidwa zaka pafupifupi 1,500 zapitazo, ndipo anaifotokoza m'buku lake la mu 1970. Eni miphikayo analibe bolodi. Anadziwa dongo mwa kuyesa, kuswa ndi kuyesanso. Wophunzira wathu apatsidwe ufulu womwewo.

Ayambe ndi tizidutswa osati mphika wathunthu. Akande dongo, aligawe panayi, ndipo aumbe tizidutswa tofanana, totalika masentimita 10. Koyamba kakhale ka dongo lokha, kachiwiri kosakaniza ndi mchenga wa kunyanja, kachitatu ndi mapale osinja, kachinayi ndi zigoba za nkhono zosinja. Atiyanike pamthunzi, ndipo tikauma atiyezenso. Adzapeza kuti ka dongo lokha kafupika koposa tinzake, mwinanso kang'aluka, chifukwa madzi akamachoka dongo limanyala, pamene mchenga ndi mapale sizinyala. Mphunzitsi asafulumire kumuuza zimenezi, amufunse chabe kuti, "Waonapo chiyani?"

Pootcha mpamene wophunzira amalekeratu kulamula. Iye angathe kusankha nkhuni, kuyala udzu ndi kupewa tsiku la mwera, koma moto ukayaka manja ake alibenso gawo. Chimene sichinaumitse chimaphulika, popeza madzi otsalira amasanduka nthunzi pa madigiri 100 nasowa potulukira. Pamene mpweya unafika mokwanira dongo limafiira chifukwa cha chitsulo chimene chili m'kati mwake. Pamene chikuni chinatsamira n'kutsekereza mpweya pamatsala banga lakuda. Kachidutswa ka zigoba kangathe kutuluka bwino pamoto koma n'kuyamba kuthetheka patapita masiku, chifukwa moto ukakula zigoba zimasanduka njereza, imene imamwa chinyezi n'kufufuma.

Kodi mabanga amenewa ndi kulakwa? Mtsuko wodontha walephera ntchito yake, ndipo wophunzira ayenera kuuzidwa choncho. Koma banga la moto silichotsa kanthu pa mphika. Ku Japan kuli chitsanzo chodziwika: mumzinda wa Kyoto, m'zaka za m'ma 1500, Chojiro anayamba kuumba ndi manja mbale zomwera tiyi zimene zinadzatchedwa Raku. Akatswiri a mwambo wa tiyi anazikonda chifukwa sizinali zosalala ndiponso panalibe ziwiri zofanana. Wophunzira aphunzire kusiyanitsa chilema chimene chimaononga ntchito ndi chizindikiro chimene chimaipatsa nkhope yakeyake.

Kuleka kulamula sikutanthauza ulesi. Wophunzira akhale ndi kope lolembamo kumene anakumba dongo, zimene anasakaniza, masiku oyanika, nkhuni zimene anasonkhera ndi zimene zinatuluka. Pa ulendo wotsatira asinthe chinthu chimodzi chokha, kuti adziwe chimene chabweretsa kusiyana. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Popereka malikisi, mphunzitsi ayang'ane kopelo pamodzi ndi choumbidwacho. Mwana amene mphika wake wasweka koma angathe kufotokoza chimene chauswa waphunzira zambiri kuposa amene watulutsa wabwino mwangozi. Tikamalanga mphika wosweka, ana adzaopa kuyesa, ena adzabwera ndi miphika youmba agogo awo. N'kwabwinonso kuitana mayi wodziwa kuumba wa m'mudzi woyandikana nawo kuti adzagwire dongo pamodzi ndi ana, ndipo tsiku limenelo mphunzitsi akhale pansi, aphunzire nawo.