Majinzi ofika pamchombo: lebulo imanamiza, tepi ndiyo imagulitsa

Mayi amene wabereka mwana kumbuyo, jumbo ya ndiwo ili m'manja, sakhala ndi nthawi yoyesa mabuluku asanu. Pamsika wa Karonga amangoima pabenchi n'kufunsa ngati ilipo jinzi ya high waist ya saizi yake. Wogulitsa akayamba kufukula mulu, kutulutsa iyi n'kubweza iyo, mayiyo wapita kale. Makasitomala ambiri a majinzi a amayi amatayika chonchi, nkhani ya mtengo isanayambe n'komwe.

Amayi otanganidwa sakufuna jinzi yofika pamchombo chifukwa cha fashoni yokha. Tsiku lonse amawerama, kunyamula mwana, kukwera kabaza, kutsitsa katundu. Jinzi ya chiuno chotsika imatsetsereka akawerama, ndipo dzanja limodzi limangokhalira kukoka kumbuyo. Yofika pamchombo imagwira mimba imene yafewa mayi atachira, ndipo kwa amene anachira kudzera pa opareshoni, lamba wake amadutsa pamwamba pa chipsera m'malo mochikhula. Malonda amenewa si akalekale m'dziko muno: lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala mabuluku mpaka linachotsedwa mu 1993. N'chifukwa chake ogulitsa ena amayezabe buluku la mayi ngati la bambo, pachiuno pokha, pomwe thupi la mayi limafuna miyeso itatu.

Muyeso woyamba ndi umene umasiyanitsa high waist ndi majinzi ena. Jinzi imayalidwa pabenchi, batani litamangidwa, ndipo tepi imayambira pamene misoko ya miyendo iwiri yakumana n'kukwera kutsata zipi mpaka pamwamba pa lamba. Ikakwana mainchesi 10 kapena kuposa, omwe ndi pafupifupi masentimita 25, imeneyo ndi high waist. Ya mainchesi 8 kapena 9 ndi yapakati, yochepera apo ndi yotsika. Diso limanamiza pamenepa, chifukwa jinzi yaing'ono imaoneka yaitali kutsogolo pomwe siili choncho. Mayi wamtali kapena wa mimba yaikulu angafune mainchesi 11 kapena 12 kuti lamba afikedi pamchombo.

Wachiwiri ndi wa chiuno: kuyeza lamba kuchokera mbali ina kufika ina jinzi itayalidwa, kenako kuchulukitsa kawiri. Mainchesi 16 ndiye kuti chiuno ndi 32. Wachitatu, umene ambiri amaudumpha, ndi wa m'mbina, pamalo otambalala kwambiri mmunsi mwa zipi, nawonso kuchulukitsa kawiri. Uwu ndiwo umalamula. Jinzi yothina m'mbina ndi m'ntchafu palibe telala angaikuze, koma yokwana m'mbina imene yasiya mpata kumsana imakonzedwa mosavuta potsina lamba kumbuyo. Wogulitsa amene wagwirizana mtengo umodzi ndi telala wapafupi amagulitsa majinzi amene anzake amawabweza mumulu.

Njira ija yozunguliza lamba wa buluku pakhosi, n'kunena kuti likakumana ndiye kuti likwana, imathandiza nthawi zina kwa anyamata ndi atsikana. Kwa mayi wa ana atatu ndi juga chabe. Khosi silikula mwana akabadwa, koma chiuno chimasintha.

Za lebulo, wamalonda asaikepo mtima wonse. Belo la kaunjika limasakaniza zovala za mayiko osiyana, ndipo dziko lililonse lili ndi kawerengedwe kake. Saizi 12 ya ku Britain imafanana ndi 40 ya ku Ulaya komanso 8 ya ku America, pomwe 12 ya ku America ndi 16 ya ku Britain. Lebulo yolembedwa W30 L32 ikunena mainchesi a chiuno ndi a mwendo, koma jinzi imene yavalidwa ndi kuchapidwa zaka ziwiri yatanuka kapena yafupika kale. Majinzi atsopano ochokera ku China nawo nthawi zambiri amakhala aang'ono poyerekeza ndi nambala imene yalembedwa. Choncho ntchito ya madzulo a tsiku lotsegula belo ndi kuyeza iliyonse, kulemba manambala atatuwo pakapepala n'kukamata mkati mwa lamba, ndi kuunjika majinzi motsata muyeso wa m'mbina. Mayi akafika, tepi imazungulira pamwamba pa chitenje kawiri, pamchombo ndi m'mbina, ndipo dzanja la wogulitsa limapita pamulu umodzi basi. Ena safuna kuyezedwa pagulu, makamaka ndi bambo. Kumupatsa tepi kuti adziyeze yekha kumathetsa vutolo.

Kutentha kwa Karonga nakonso kuli ndi mawu ake. Jinzi yolemera imene imayenda bwino ku Mzuzu m'mwezi wa June imakhala pabenchi ku Uliwa kapena ku Chilumba mu October osaifunsa. Kalebulo kakang'ono kamkati, kolemba za nsalu, ndiko kokha koyenera kukhulupirira: thonje lochuluka ndi elastane wa 1 kapena 2 peresenti ndi nsalu yopuma komanso yolola kuwerama. Ya polyester wambiri imatentha ndipo imagwira thukuta. Elastane amaonongeka ndi kutentha, kotero jinzi yotanuka ikapachikidwa padzuwa masabata angapo imafooka isanagulidwe, mtundu nawo n'kusuluka mbali imodzi. Yaonongeka imadziwika ndi timafunde pansalu m'ntchafu ndi m'mawondo, ndipo ukaikoka sibwerera.

Posankha, malo oyamba kuyang'ana ndi mphechepeche. Jinzi ikakwezedwa kuloza kuwala n'kuoneka kuti kuwalako kukudutsa, yatsala ndi milungu yochepa, ngakhale kutsogolo ioneke ngati yatsopano. Zipi ya high waist ndi yaitali ndipo imasenza mphamvu yambiri, ndiye iyesedwe jinzi itakokedwa m'mbali.

Katunduyu amafika ku Karonga m'njira ziwiri. Mabelo a kaunjika amakwera ndi msewu wa M1 kuchokera kummwera, ndipo majinzi atsopano amalowera pachipata cha Songwe, kuchokera ku Kasumulu, Kyela ndi Mbeya, ambiri atayambira kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam. Belo limapereka nsalu yolimba koma wogula sasankha, ndipo belo lolembedwa kuti ndi la majinzi a amayi limakhala ndi otsika ambiri komanso masaizi a atsikana. Kwa wa mpamba wochepa, kuli bwino kulipira mtengo wokwererako posankha imodziimodzi kwa amene watsegula belo, tepi ili m'manja, kusiyana n'kutsekera ndalama zonse mu katundu wosaoneka. Atsopano amagulitsidwa kawirikawiri pa dazeni ya masaizi osakaniza. Woodayo aumirire masaizi aakulu, chifukwa aang'ono ndiwo amatsalira. Msonkho wa MRA pa Songwe ndi mtengo wa mashilingi tsiku limenelo ziwerengedwe monga gawo la mtengo woodera.

Kuwerengera mtengo kumafuna kusamala kuposa kale. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mu February 2025 mavenda a kaunjika ku Lilongwe anachita zionetsero mpaka kunyumba ya malamulo chifukwa cha kukwera kwa mitengo ya mabelo. Mtengo wogulitsira uzitsata ndalama zimene zidzafunike pokaoda ulendo wotsatira, osati za ulendo wapita. Mongoyerekeza, belo ndi thiransipoti zikadya K600,000 ndipo mwatuluka majinzi 80, ambiri amati iliyonse yabwera pa K7,500. Koma ngati 20 ndi ong'ambika kapena osafunidwa, ndalamayo iyenera kubwerera kuchokera pa 60 otsalawo, ndiye kuti iliyonse yabwera pa K10,000. Ma high waist abwino a masaizi aakulu ndiwo ayenera kusenza gawo lalikulu la mtolowo, chifukwa ndi osowa ndipo mayi amene yamukwana savuta kwambiri pa mtengo.

Ndalama zimayenda bwino m'bomali mpunga wa Kilombero ukakololedwa ku Kaporo, Hara, Wovwe ndi Lufilya, ndipo ino ndi nyengo yozizirirapo imene jinzi imavalika. Wooda mu April kapena kumayambiriro kwa May amakhala atayeza kale katundu wake alimi akamagulitsa. Kabuku ka miyeso ya makasitomala nako kamathandiza: belo likatsegulidwa, chithunzi cha jinzi ya nambala zake chimapita pa WhatsApp, ndipo mayiyo amangodutsa kudzatenga popita kukatenga mwana kusukulu.